Kasitima ka pathebulo kofanana ndi sitima yeniyeni: sikelo, geji ndi chaka chake

Mwezi wathawu ku Rugare, kuno ku Harare, kunabuka mkangano wosakhudza mpira kapena ndale. Mnyamata wina wa kumpingo kwathu analandira kasitima koyendera magetsi ka kampani ya Hornby, kakale, kamene kanabwera m'katundu wa m'bale wake wa ku UK. Anakapenta bulawuni kumunsi ndi kirimu kumtunda, n'kulemba RR (Rhodesia Railways) m'mbali, ndipo anaitana malume ake amene anapumira ntchito ku njanji kuti adzaone sitima imene agogo anakwera pobwera kuno kuchokera ku Nyasaland. Malumewo anawerama, n'kuyang'ana kunsi kwa mabogi, ndipo anati: "Mphwanga, pentiyo wakhoza. Koma sitimayi si yathu. Yatangadza miyendo ngati munthu wolumpha ngalande." Mnyamata anaumirira kuti pakatoni palembedwa kuti n'chifaniziro cholondola. Onse awiri ankanena zoona, ndipo chifukwa chake n'chimene ndikufuna kulongosola pano.

Tonse tinakula tikupinda galimoto zamawaya, choncho luso lochepetsa chinthu chachikulu si lachilendo kwa ife. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mawaya amayeza ndi maso, pamene womanga zifaniziro za sitima amayeza ndi lula ndipo amafuna kuti zenera lililonse, khomo, mtundu wa penti ndi nambala ya bogi zigwirizane ndi sitima inayake imene inayendadi pa njanji inayake m'chaka chinachake. Sitima yeniyeni imene akutengerayo a ntchitoyi amaitcha prototype. Thebulo lonse la njanji, siteshoni ndi timapiri amalitcha layout.

Sikelo ndi geji

Mawu awiriwa ndi amene amasokoneza anthu ambiri, ngakhale ogulitsa amene.

Sikelo pano si ya pachigayo ija. Ndi nambala yosonyeza kuti chinthu chachepetsedwa kangati. Sikelo yofala kwambiri padziko ndi HO, imene ndi 1:87, kutanthauza kuti chilichonse mumachigawa ka 87. Bogi lotalika mamita 20 limasanduka la masentimita 23. Munthu wa msinkhu wa mamita 1.7 amakhala kachidole ka mamilimita osakwana 20, kochepera chala chaching'ono. A ku Britain ali ndi yawo, OO, imene ndi 1:76, ndipo kasitima ka ku Rugare kaja ndi ka sikelo imeneyi. Palinso N, ya 1:160, ya anthu a malo ochepa ndi maso akuthwa.

Geji ndi mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, kuyeza m'kati mwake. Ku Britain, ku America ndi mbali yaikulu ya ku Ulaya mpatawu ndi mamilimita 1,435. Mukaugawa ka 87 mupeza 16.5, ndipo njanji za tisitima ta HO zimene mungagule m'sitolo iliyonse ndi za mamilimita 16.5 ndendende. Ta OO timayendanso pa njanji yomweyo, ngakhale kuti kwa ito ndi yopapatiza pang'ono. A ku Britain anazolowera kale bodza laling'ono limeneli.

Nanga ife? Njanji ya pa siteshoni ya Harare pa Kenneth Kaunda Avenue, ya ku Lochinvar, ya ku Limbe ndi Nkaya kwathu, ya ku Zambia ndi South Africa, yonseyi ndi ya mamilimita 1,067, kapena kuti mafiti atatu ndi mainchesi 6, imene imatchedwa Cape gauge. Ndi yopapatiza kuposa ya ku Ulaya ndi mamilimita 368, pafupifupi mkono wa munthu wamkulu kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Koma mabogi athu sanachepe molingana ndi njanjiyo. Ndi otambalala ndithu, ndiye thupi limasendera kunja kwa magudumu mbali zonse, magudumuwo n'kubisala m'kati. Sitima yathu imaoneka ngati mayi wovala chitenje chomwazika, mapazi ali pamodzi. Munthu amene wakhala zaka makumi atatu akusuzumira kunsi kwa mabogi amazindikira zimenezi asanawerenge n'komwe chilembo chili m'mbali. Ndiko kutangadza kumene malume aja ankanena.

Njira zitatu zothanirana ndi njanji yopapatiza

Yoyamba ndi kungovomereza. Mumamanga thupi la bogi mu 1:87 n'kuliika pa njanji ya 16.5. Kampani ya ku Italy ya Lima inachita zimenezi m'zaka za m'ma 1970 popanga tisitima ta South African Railways, ndipo anthu ambiri a kum'mwera kuno anayambira pamenepo. Ubwino wake ndi wakuti njanji, magudumu ndi mamota zimapezeka mosavuta, ngakhale zakale zotsika mtengo. Kuipa kwake mwakuona kale: njanji yakula ndi mamilimita oposa 4, chimene pa kanthu kakang'ono chotero chimaoneka.

Yachiwiri ndi kusunga sikelo ya 1:87 n'kupeza njanji yoyenera. Gawani 1,067 ka 87, mupeza 12.3. Njanji ya mamilimita 12 ilipo; kampani ya Peco imaipanga chifukwa cha otengera sitima za m'mapiri a ku Switzerland, ndipo okonda Cape gauge amaibwereka n'kuitcha HOn3½. Apa sitima imaima mooneka bwino, komanso tigalimoto, tinyumba ndi tianthu ta HO zonse zimagwirizana nayo. Vuto ndi thumba. Chilichonse cha njanjiyi n'choitanitsa kunja ndi madola, ndipo chikathyoka simungathamangire ku Mbare kukafuna china.

Yachitatu ndi yochenjera: kusiya njanji ya 16.5 mmene ilili n'kukulitsa sitimayo. Mukagawa 1,067 ka 64 mupeza 16.7, kusiyana kosaoneka ndi maso. Choncho mukamanga mu 1:64 pa njanji wamba ya m'sitolo, zonse zimakhala m'malo mwake. Njirayi imatchedwa Sn3½ ndipo inazika mizu ku New Zealand ndi mbali zina za Australia, kumene njanji ndi ya geji yofanana ndi yathu. Bogi lija la mamita 20 limakhala la masentimita 31, losavuta kugwira ndi kuboola mazenera. Koma limadya malo, ndipo pafupifupi chilichonse chapamwamba pa magudumu mudzamanga nokha.

Okonda ntchitoyi akhala akukangana za njira zitatuzi kwa zaka zambiri, ndipo aliyense ali ndi mfundo. Funso lothandiza ndi lakuti: n'chiyani chingakusowetseni tulo, magudumu otangadza, ndalama, kapena kuchepa kwa chipinda?

Sankhani chaka, ndiye chakacho chizikulamulirani

Apa m'pamene mawu akuti "cholondola monga mwa mbiri" amayamba kuluma. Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897, ku Salisbury kuchokera ku Umtali mu 1899, ndipo mizinda iwiriyi inalumikizidwa mu 1902. Kuyambira pamenepo mpaka lero papita mibadwo yambiri ya sitima, ndipo kusakaniza mibadwoyi pathebulo limodzi kuli ngati kujambula ukwati wa agogo, mkwati atagwira foni m'manja.

Tengani chikwangwani cha siteshoni chokha. Rhodesia Railways inakhala National Railways of Zimbabwe (NRZ) mu 1980, koma mzinda wa Salisbury unasintha dzina kukhala Harare mu 1982, chaka chimenenso Umtali inakhala Mutare ndipo Gwelo inakhala Gweru. Ndiye chizindikiro cha NRZ pansi pa chikwangwani cha Salisbury n'chotheka, koma kwa zaka ziwiri zokha. Mawaya a magetsi pamwamba pa njanji ya Harare kukafika ku Dabuka pafupi ndi Gweru anayamba ntchito mu 1983, kotero mutu wamagetsi wa EL1 sungaime pa siteshoni yolembedwa Salisbury. Kumbali ina, bogi lokhala ndi zilembo za RR m'nthawi ya NRZ si cholakwa. Mabogi opangidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1950 anapitiriza kuyenda pakati pa Bulawayo ndi Victoria Falls ali ndi RR wozokotedwa pa magalasi a mazenera zaka zambiri dzikoli litalandira ufulu. Zakale zimachedwa kuchoka, koma zatsopano sizingabwere nthawi yake isanakwane. Lamulo limeneli lokha limathetsa theka la mikangano.

Mitu ya sitima nayo ili ndi zaka zake. Dziko lino linatchuka ndi mitu ya malasha ya mtundu wa Garratt, yopangidwa makamaka ndi Beyer, Peacock ku Manchester. Garratt ili ndi boila pakati, yolenjekeka pa injini ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, ndipo imapindika m'malo awiri. N'chifukwa chake inkatha kukoka katundu wolemera pa njanji yopepuka yokhotakhota. Ya 15th class, imene inkakoka kwambiri sitima za anthu, inayamba kufika mu 1940. Magudumu ake amalembedwa 4-6-4+4-6-4, kutanthauza ang'onoang'ono anayi otsogolera, akuluakulu 6 okoka, ena anayi otsatira, kenaka chimodzimodzi mbali inayo. Zimphona za 20th class zinabwera kuyambira 1954. Mitu ya dizilo ya DE2, ya English Electric, inayamba kufika mu 1955, ndipo njanji ya Salisbury ndi Umtali inali m'gulu la zoyamba kuilandira. Chodabwitsa n'chakuti malasha sanafe msanga: kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1980, mafuta atavuta, ma Garratt ambiri anakonzedwanso ku Bulawayo, ndipo ena anapatsidwa mayina a Chindebele. Garratt yokhala ndi chikwangwani cha dzina lotero ndi ya nthawi imeneyo, si ya m'masiku a chitaganya cha 1953 mpaka 1963.

Kwa ife a magazi a ku Malawi pali mfundo inanso. Amene anabwera pa sitima ankatsika ndi njanji ya ku Nyasaland, kudutsa ku Mozambique pa Trans-Zambesia Railway imene inatsegulidwa mu 1922, kukafika ku Dondo pafupi ndi Beira, n'kulowa njanji yokwera ku Umtali. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha mu 1935. Chisanafike chaka chimenecho anthu ankatsika n'kuoloka mtsinje pa chombo. Choncho "sitima ya agogo" nthawi zambiri sinali sitima imodzi, ndipo agogo ambiri sanabwere n'komwe pa sitima: ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, amene ankanyamula kwaulere anthu ofuna ntchito. Musanadule pulasitiki, yambani mwafunsa kuti anabwera liti ndipo anadzera kuti.

Bogi limene anthu athu ankakwera

Kamawu kaye: ife timati bogi kutanthauza ngolo yonse. M'zojambula za amisiri a njanji, bogie ndi kangolo ka magudumu anayi kamene kali pansi kumapeto aliwonse a ngoloyo ndipo kamatembenuka pokhota. Mukamaitanitsa zipangizo kumbukirani zimenezi, mungalandire magudumu okha mukuyembekezera ngolo.

Sitima ya anthu ya Rhodesia Railways inali ndi makalasi anayi, ndipo kugawa kwake kunkatsata khungu pamodzi ndi thumba. Kalasi yoyamba ndi yachiwiri inali ya tizipinda togona, mazenera ake otalikirana molingana ndi tizipindato, ndi kanjira mbali imodzi. Anthu akuda ambiri, makamaka obwera kudzafuna ntchito, ankakwera yachinayi, ya mabenchi a matabwa. Kwa womanga chifaniziro zimenezi si mbiri chabe, ndi miyezo: kalasi iliyonse ili ndi kaikidwe kake ka mazenera ndi makomo, ndipo mbali ziwiri za bogi logona sizifanana. Mabogi akale a matabwa anali ndi khonde lotseguka kumapeto ndi denga lokhala ndi kamsana kokwera pakati kolowetsa mpweya, kamene amakatcha clerestory. Azitsulo a pambuyo pake anali ndi denga losalala lozungulira.

Tsono pali vuto limene mabuku sanena kawirikawiri. Ojambula zithunzi a masiku amenewo ankakonda mutu ukufuka utsi ndi bogi lodyeramo la nsalu zoyera pathebulo. Bogi la kalasi yachinayi limangooneka chapatali, kumapeto kwa chithunzi, kapena osaoneka n'komwe. Munthu wofuna kumanga bogi limene agogo ake anakhalamo amafufuza movutikira kuposa womanga la bwanamkubwa.

Kopita kulipo. Ku Bulawayo kuli Railway Museum, imene inatsegulidwa mu 1972, komwe kuli mitu ndi mabogi enieni, kuphatikizapo ngolo ya Cecil Rhodes. Pitani ndi tepi yoyezera ndi kope, mupemphe chilolezo, muyeze kutalika kwa zenera, mpata wa pakati pa mazenera ndi msinkhu wa masitepe. Pojambula imani molunjika pakati pa bogi, chifukwa chithunzi chojambulidwa chammbali chimanamiza miyezo. Kuno ku Harare, National Archives pa Borrowdale Road imasunga zithunzi ndi zikalata zakale. Ndandanda zakale za nthawi ya sitima n'zamtengo wapatali, popeza zimasonyeza sitima imene inali ndi bogi lodyeramo ndi makalasi amene inkanyamula.

Ndipo pali akuluakulu a ku Rugare, Mufakose, Highfield ndi Mbare amene anagwira ntchito ku njanji, ena mwa iwo ana a anthu amene ananyanyala nawo ntchito mu 1945. Iwowa amakumbukira zimene chithunzi sichingaonetse: kumene ankaunjika mitolo, mmene anthu ankagonera pa mabenchi, bogi limene linkaikidwa pafupi ndi mutu n'kumamwa utsi. Koma ndinene mosabisa, pa nkhani ya chaka ndi mtundu wa penti chikumbumtima cha munthu chimasakaniza. Agogo angalumbire kuti bogi linali lofiirira pamene akukumbukira lina la zaka khumi pambuyo pake. Chithunzi chopanda mitundu nachonso sichingakuuzeni kuti bulawuni wake anali wakuda motani. Umboni uwiri wosiyana ukagwirizana, pamenepo m'pamene mungatsegule chitini cha penti.

Kumanga kwake

Mabogi a Rhodesia Railways opangidwa kale simudzawapeza pa shelefu monga a ku Britain. Njira zake ndi kudula ndi kulumikiza mabogi ogula mpaka afanane ndi lanu, kumene amati kitbashing, kapena kumanga kuyambira pa pepala losalemba kanthu, kumene amati scratchbuilding. Masiku ano ena amajambula pa kompyuta n'kusindikiza ndi makina a 3D, koma makinawo amangobereka zimene mwawapatsa, zolakwa ndi zomwe.

Ambiri amagwiritsa ntchito mapepala a pulasitiki woyera wotchedwa styrene: wa milimita imodzi pansi pa bogi, wa theka la milimita m'mbali. Katoni wolimba wopakidwa vanishi amagwiranso ntchito, ndipo amisiri akale ankamanga naye zinthu zokongola. Mazenera muziboola mbali isanadulidwe pa pepala lalikulu, apo ayi timizati ta pakati pa mazenera timathyoka. Mpeni ukhale wakuthwa, lula ikhale yachitsulo, ndipo mudutse kangapo mopepuka m'malo mokanikiza kamodzi. Denga ndiye mayeso a kuleza mtima: ena amalisema pa thabwa lofewa n'kulikwecha ndi sandipepa, ena amapinda pulasitiki pa botolo m'madzi otentha.

Kunsi kwa bogi kukhale zimene zinalipodi. Sitima zathu zinkagwiritsa ntchito mabuleki a vacuum, choncho pansi pamakhala masilinda ake ndi mabokosi a mabatire a nyale. Chofunika kwambiri: mabogi a kuno alibe tizitsulo tiwiri tozungulira togundanirana kumapeto monga a ku Britain. Amalumikizana ndi cholumikizira chimodzi chapakati. Kusiya tizitsulo timeneto pa bogi lolembedwa RR ndi cholakwa chimene aliyense wa ku njanji angachione ali pakhomo, ndipo kasitima ka ku Rugare kanali nato.

Bogi lopepuka limagwa pa njanji. Bungwe la okonda ntchitoyi la ku America, NMRA, limalangiza kulemera kumene pa bogi la HO la masentimita 23 kumakwana magalamu pafupifupi 150. Manati ndi mawasha a kumsika wa Siyaso ku Mbare omatidwa pansi penipeni amakwanira.

Pomaliza pamabwera kudetsa dala, kumene amati weathering. Bogi la kumbuyo kwa Garratt linkakhala ndi mwaye padenga ndi fumbi lofiira kumunsi, ndipo dzuwa lathu limafwifwitsa penti. Choko chopera chopakidwa ndi burashi youma chimachita zodabwitsa. Musapitirire muyezo: sitima ya anthu inkatsukidwa, siinali ngolo ya malasha ya ku Wankie.

Malo, makhota ndi liwiro

Njanji ya Harare kukafika ku Bulawayo ndi ya makilomita oposa 480. Mu HO ingafune makilomita oposa 5 a thebulo. Choncho aliyense amafupikitsa, ndipo luso lili posankha chosiya. Garratt ya 15th class, yotalika mamita pafupifupi 28, imakhala ya masentimita 32. Onjezani mabogi 10 ndipo sitima yanu yapitirira mamita awiri ndi theka, kuposa thabwa lathunthu la plywood la mamita 2.44. Ambiri amachepetsa mabogi kufika pa asanu, koma amasunga limodzi la kalasi iliyonse ndi la katundu, m'dongosolo lake lenileni. M'nyumba za kumalokeshoni, shelefu yotsata khoma yokhala ndi kasiteshoni kamodzi ka m'njira, monga ka pakati pa Marandellas ndi Rusape, ndi mitengo ya misasa ndi matanthwe osanjikizana kumbuyo, imaoneka yoona kuposa njanji yozungulira ngati mbale.

Makhota a njanji za m'sitolo ndi akuthwa zedi. Khota wamba la HO la masentimita 46 likufanana ndi la mamita 40 okha pa njanji yeniyeni, limene sitima ya anthu singadutsepo. Mabogi aatali amaoneka othyoka pamenepo, ndiye okonza bwino amabisa makhotawo kuseri kwa phiri.

Magetsi si vuto lalikulu monga mungaganizire. Tisitima tambiri timayendera ma volt 12 a DC, ofanana ndi a batire ya sola, choncho magetsi akathima kasitima kakhoza kuyendabe ngati muli ndi chochepetsera liwiro ndi fyuzi. Mdani weniweni ndi fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, limene limatseka magetsi pakati pa njanji ndi magudumu. Phimbani ndi nsalu.

Liwiro nalo lili ndi sikelo. Sitima yothamanga makilomita 60 pa ola, mu HO iyenera kuyenda masentimita 19 okha pa sekondi. Mnyamata wa ku Rugare uja atatsegula magetsi onse, kasitima kanazungulira thebulo m'masekondi anayi, malume ake n'kuseka mpaka kutsokomola. Anamulanda chowongolera, n'kukayendetsa pang'onopang'ono, n'kukaimitsa poyera popanda siteshoni. Atafunsidwa chifukwa chake anati apa ndi pamene sitima ya usiku inkadikirira ya katundu kuti idutse, nthawi zina ola lathunthu. Mnyamatayo wasankha chaka cha 1957 ndi sikelo ya 1:64, wachotsa tizitsulo togundanirana tija, ndipo akusunga ndalama ya basi yopita ku Bulawayo kukayeza mazenera.